Malawi Youth Games isanabadwe: mbiri yake tikaiona tili pa Mzuzu

Pofika masewera a Commonwealth a ku Birmingham mu 2022, dziko lathu linali ndi mamendulo atatu okha m'mbiri yonse ya mpikisanowu. Atatu basi, onse a buronzi, onse a nkhonya. Tatu Chionga anatenga yoyamba ku Edinburgh mu 1970, ndipo Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe anabwera ndi awiri enawo mu 1986, ku Edinburgh komweko. Ku Olimpiki tinayamba kupita mu 1972 ku Munich, ndipo mpaka ku Paris mu 2024, ulendo uliwonse womwe tinapita tabwerako chimanjamanja. Ambiri a inu amene mukuwerenga izi pafoni munali musanabadwe pomwe mendulo yomaliza ija inkalowa m'dziko muno.

Ndiye mukamva za Malawi Youth Games, dziwani kuti ili ndi bala lomwe akufuna kupoletsa. Uwu ndi mpikisano womwe boma, kudzera ku unduna woona za achinyamata ndi masewera, lakhazikitsa m'zaka zaposachedwapa mogwirizana ndi khonsolo ya zamasewera komanso bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA. Ganizo lake ndi losavuta kumva. Ana ayambe kupikisana komwe ali, opambana akwere kufika pa boma, kenako pa chigawo, mpaka akumane ndi anzawo a dziko lonse. Ndipo usakhale mpira wa miyendo wokha ayi: pakhale liwiro, ntchemberembaye, volebo, basiketibo ndi ena otero. Pa mwambo wotsegulira zoterezi pamakhala bwana wonena kuti m'mera mpoyamba, tonse n'kuwomba m'manja.

Mwambiwo ndi woona. Koma ine chomwe chimandikhudza n'chakuti aka sikoyamba kuti tifese. Njira yoti mwana wa ku Chitipa kapena wa ku Mchengautuwa aonekere ku dziko lonse yakhala ikulambulidwa n'kumeranso tchire kangapo, ndipo tsiku lina lalikulu m'mbiri imeneyi linachitikira muno mu Mzuzu momwemuno.

Tiyambe kale pang'ono, koma mofulumira. Masewera a mpira ndi mipikisano ya liwiro ya pasukulu zinabwera ndi amishoni ndi atsamunda. Kuno kumpoto dzina lalikulu ndi Livingstonia, komwe Robert Laws anakhazikitsa sukulu yake pamwamba pa Khondowe mu 1894, komanso Ekwendeni, pafupi ndi ife pompa. Amishoni ankakhulupirira kuti mnyamata wotopa ndi mpira sakhala ndi nthawi yoganiza zoipa. Koma tisanamizane kuti mzimu wopikisana unabwera pa sitima. Pitani ku Nkhata Bay mukaone malipenga: mudzi ndi mudzi, yunifomu yochapa bwino, mtsogoleri wake, malamulo ake, anthu oonerera n'kumaweruza kuti apa aphwanya ndi awa. Anthu athu ankadziwa kale kukonza gulu, kuyenda mtunda ndi kukapikisana kwa eni. Mzuzu yemwe panthawiyo kunalibe. Tawuni ino inamera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mozungulira esiteti ya mitengo ya tung, ndipo inadzakhala mzinda mu 1985.

Nthawi yomwe akuluakulu athu amaikumbuka kwambiri ndi ya Kamuzu. Mukawaputa pang'ono, ayamba: "Ife nthawi yathu masewera analipo, osati zanuzi." Ndipo si bodza lokhalokha. Khonsolo ya zamasewera, Malawi National Council of Sports, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1974. Sukulu inkakhala ndi bwalo lake, tsiku la masewera linkadziwika, ndipo teremu ya liwiro inkasiyana ndi teremu ya mpira. Mwana ankathamanga, kulumpha, kuponya nthungo, kaya akufuna kaya sakufuna. Wopambana pasukulu ankapita kukakumana ndi a sukulu zoyandikana, n'kumakwera choncho. Mamendulo atatu aja onse anabwera m'nthawi imeneyi.

Koma funsani kuti ankayendetsa zinthu ndani, mupeza dzina la Malawi Young Pioneers, apayoniya. Gululi linayamba mu 1963, ndipo pachiyambi linathandizidwa ndi alangizi ochokera ku Israel. Linali ndi mabesi m'dziko lonse, woyamba kutchuka ndi wa Nasawa ku Zomba, komwe achinyamata ankaphunzira ulimi, perete ndi kulimbitsa thupi. Alangizi a payoniya ankatumizidwa m'sukulu kukaphunzitsa masewera olimbitsa thupi pamodzi ndi ngodya zinayi za chipani: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Chaka chilichonse kunkakhala sabata ya achinyamata, ana a sukulu n'kumakonza misewu, milatho ndi nyumba za okalamba, ndipo pamapeto pake pankachitika chionetsero chachikulu pabwalo, ana mazanamazana akusuntha ngati munthu mmodzi pamaso pa Ngwazi. Ku Lilongwe kunamangidwa Kamuzu Institute for Youth, yomwe lero timaitchula Kamuzu Institute for Sports.

Gulu lomwelo, limodzi ndi ayufi a malaya ofiira aja, ndi lomwe linkaima pakhomo pa msika ndi pa depoti n'kumafunsa khadi ya chipani. Ndi lomwe linkamvetsera zokamba za anthu n'kukanena. Linali ndi mfuti, ndipo wapolisi sankatha kumanga mpayoniya mwachisawawa. Choncho munthu yemwe ankaliza wezulo pabwalo la sukulu ndi munthu yemwe makolo ako ankamuopa anali a mtundu umodzi. Ngakhale Mzuzu Stadium yathuyi, yomwe inamangidwa cha m'ma 1970, inamangidwa ndi manja a akaidi. Tikamakhala pa masitandi aja tikukuwa kuti Moyale yagoletsa, takhala pa thukuta la anthu omwe sanafunsidwe ngati akufuna kugwira ntchitoyo. Akuluakulu akamasimba za ubwino wa masewera a kale, mbali iyi amaidumpha, kapena amaitchula motsitsa mawu.

Kenako kunabwera 1993. Pa 14 Juni Amalawi anavota pa riferendamu kuti akufuna zipani zambiri, ndipo kumpoto kuno chiwerengero cha ofuna kusintha chinali chachikulu zedi. Apayoniya anali akadali ndi zida zawo, ndipo nkhani yowalanda inkangokambidwa osachitika. Kumayambiriro kwa Disembala chaka chomwecho, mkangano womwe unayambira pamalo omwera mowa muno mu Mzuzu unathera poti apayoniya anawombera ndi kupha asilikali awiri a ku Moyale Barracks. Asilikali sanadikire chilolezo cha wina aliyense. Pa 3 Disembala inayamba Operation Bwezani: anathira nkhondo likulu la apayoniya ku Lilongwe ndi mabesi awo m'dziko lonse. Kamuzu apo n'kuti akuchira opaleshoni ya m'mutu yomwe anakachitidwa ku South Africa, ndipo dziko linkayendetsedwa ndi khonsolo yotsogozedwa ndi Gwanda Chakuamba. M'masiku ochepa gulu lomwe linaopseza dziko kwa zaka 30 linabalalika, ambiri n'kuthawira ku Mozambique.

Palibe munthu wanzeru amene angalire kuti gulu la mfuti ndi makhadi lija libwerere. Koma nkhaniyi timaikamba ngati ya ndale ndi asilikali yokha, pomwe inagwedezanso bwalo la sukulu. Chilichonse chonunkha payoniya chinakhala chonyansa: perete, sabata ya achinyamata, kudzuka m'mamawa kukathamanga. Tinataya nkhwangwa ndi mpini womwe. Wezulo uja atagwa pansi, panalibe yemwe anapatsidwa udindo womutola.

Miyezi ingapo pambuyo pake, boma la Bakili Muluzi, lomwe linalowa pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, linathetsa fizi ku pulayimale. Chinali chinthu chabwino, ndipo ambiri a ife kapena azikulu athu tinalowa m'kalasi chifukwa cha chimenecho. Koma ana anachuluka mwadzidzidzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi omwe anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Makalasi anasefukira, ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo. Tangoganizani mphunzitsi mmodzi, ana oposa 100, mpira umodzi wophulika. Piriyodi ya masewera inasanduka nthawi yosesa, kapena yobwereza masamu, poti masewera salembedwa pa mayeso a Sitandade 8. Pambuyo pake silabasi ya pulayimale inaphatikiza masewera olimbitsa thupi ndi nyimbo, zojambula ndi zosokasoka m'phunziro limodzi la Expressive Arts, moti mwana atha kukhoza funso la malamulo a volebo asanaugwirepo mpira wake. M'matauni mabwalo ena anadyedwa ndi midadada ya makalasi atsopano, ena ndi mapuloti. Yendani mu Chibavi, Zolozolo kapena Chiputula muwerenge malo omwe atsala oti mwana angathamange mamita 100 osakumana ndi mpanda wa njerwa kapena kabaza.

Zaka zotsatirazo masewera a ana anakhala ngati mwana wamasiye woleredwa ndi achibale osiyanasiyana, uyu chaka chino, uyo chaka chamawa. Makampani ndiwo anagwira kwambiri. Chikho cha Coca-Cola cha sukulu za sekondale chinatulutsa osewera ambiri omwe anadzavala malaya a Flames, ndipo amene anaonerapo sukulu ziwiri za muno zikukumana pa mpikisano umenewu akudziwa kuti phokoso lake linkaposa la magemu ena a ligi. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika kunabwera Presidential Initiative on Sports, yomwe inkayambira m'maboma ndipo inafikitsa ndalama ndi zikho kumadera omwe anali asanazionepo. Koma chikho chomwe chili ndi dzina la mpando chimadwala mpandowo ukagwedezeka: chinkachitika chaka china, china osachitika, mpaka chinazilala. Kuno ku Mzuzu, monganso m'mizinda ina, kuli Mayor's Trophy ya sukulu za pulayimale, yomwe imasangalatsa ana kwambiri, koma imathera m'malire a mzinda. Ndipo pafupifupi zonsezi zinkakondera mpira wa miyendo ndi wa manja. Kampani imafuna khamu loona chikwangwani chake, ndipo khamu silibwera kudzaonerera mtsikana akuponya nthungo.

Amene anasunga moto nthawi yonseyi ndi aphunzitsi a zamasewera, masipotsi masitala a pansi pa MASSA. Awa ndi anthu omwe amalemba mizere ya bwalo ndi phulusa kapena laimu, kusonkhetsa ana ndalama ya lole, n'kuwonjezerapo ya m'thumba mwawo ikaperewera. Mbiri ya masewera a achinyamata m'dziko muno ikadzalembedwa bwinobwino, mitu yambiri idzakhala ya anthu amenewa, osati ya nduna.

Tsopano taonani akatswiri omwe chigawo chino chatulutsa m'zaka zomwe njira inali itamera tchire. Tabitha Chawinga anakulira ku Rumphi akumenya mpira wachikulunga ndi anyamata, wopanda nsapato, makolo asakufuna. Anapita ku DD Sunshine ku Lilongwe ali kamtsikana, mu 2014 n'kuulukira ku Sweden, kenako China, Inter Milan komwe anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya Italy, PSG, mpaka Lyon. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba anasankhidwa wosewera wapamwamba pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Asimenye Simwaka tinayamba kumudziwa ngati wosewera mpira wa miyendo, liwiro lake n'kudzaonekera atakula kale, koma anakafika ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021 ndi ya ku Paris mu 2024.

Timanyadira, eya. Koma nkhani zawo mukazimvetsera bwino, mumva mawu amodzimodzi: panapezeka munthu wina amene anamuona. Mwayi. Simwaka akanakhala kuti anayesedwa liwiro ali ndi zaka 12, n'kupatsidwa mphunzitsi wa liwiro, bwenzi nkhani yake ili pati? Nanga anzawo a Tabitha omwe ankamulanda mpira pabwalo la kumudzi lija, omwe munthu wowaona sanadutse tsiku limenelo? Kuti mwana wa ku Malawi atha kupikisana ndi dziko lonse zinaoneka kale mu 2004, pomwe Catherine Chikwakwa anatenga siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, Italy. Panalibe gulu la atsikana ena khumi kumbuyo kwake lomwe likanatenga malo ake atasiya.

Maiko omwe timawasirira sanachite matsenga. Ku Jamaica, kachilumba ka anthu osakwana 3 miliyoni, kuli mpikisano wa sukulu za sekondale womwe amangouti Champs. Unayamba mu 1910 ndipo wakhala ukuchitika pafupifupi chaka chilichonse kufika lero, bwalo la ku Kingston n'kudzaza anthu odzaonerera ana a sukulu. Usain Bolt anadutsa momwemo atavala malaya a William Knibb, sukulu yake. Ku Kenya, tauni ya Iten inatchuka chifukwa cha sukulu ya St Patrick's ndi mphunzitsi wa ku Ireland, Brother Colm O'Connell, yemwe anafika mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe, n'kudzasula akatswiri ngati David Rudisha. Iten ili pamwamba, mamita oposa 2,000, ndipo mpweya wopepuka wa kumapiri umalimbitsa othamanga mitunda italiitali. Apa mtima umandipweteka pang'ono, chifukwa Mzuzu ili pa mamita oposa 1,200, Viphya ili pakhomo pathu, ndipo Nyika imapitirira mamita 2,000. Ana a ku Rumphi ndi Chitipa amakwera mapiri tsiku lililonse popita ku sukulu. Mapiri tili nawo. Chomwe Jamaica ili nacho ife tilibe ndi mpikisano womwe agogo, bambo ndi mdzukulu onse anathamangamo, mwezi womwewo, dzina lomwelo.

Chomwe chinatidzutsa ku tulo posachedwapa ndi alendo. Masewera a achinyamata a maiko khumi a kummwera kwa Africa, omwe lero timati Region 5, anayamba mu 2004 ku Mozambique, akutchedwa Zone VI. Anazungulira ku Namibia, South Africa, Swaziland, Zambia, Zimbabwe, Angola, Botswana ndi Lesotho, komwe anachedwa mpaka 2021 chifukwa cha Covid-19. Mu Disembala 2022 inali nthawi yathu, ku Lilongwe. Mlendo akamabwera umasesa ndi kuseri kwa nyumba komwe. Tinamanga malo osambirira ku Kamuzu Institute for Sports, pamalo pomwe kale panali pa achinyamata a Kamuzu paja, komanso holo ya masewera yotchedwa Griffin Saenda, dzina la mphunzitsi wakale wa Queens, ngakhale ntchito yake inali yothamangitsana ndi tsiku. Koma nyumba sizithamanga. Pankafunika ana oti asambire, amenye judo, athamange, ndipo funso loti ana amenewa tiwapeza kuti linaonetsa poyera dzenje lomwe linakumbika kuyambira 1993. Malawi Youth Games ndi yankho la funso limenelo, ndipo ndi koyamba m'nthawi ya zipani zambiri kuti tiyese mozama kuika masewera ambiri pansi pa denga limodzi, kuyambira kusukulu mpaka pa dziko lonse, popanda mpayoniya woima kumbuyo.

Kusiyana kwakeko n'kofunika. Kale mwana ankathamanga chifukwa choopa. Lero akuyenera kuthamanga chifukwa akufuna, ndipo kufuna kumadula ndalama: thiransipoti, chakudya, pogona, nsapato. Tikaima pa Mzuzu timaona bwino kukula kwa mtengo wake. Timu ya ku Chitipa imayenda makilomita pafupifupi 300 kuti ingofika muno, isanayambe n'komwe ulendo wina wotalika chimodzimodzi wopita ku Lilongwe. Mwana wa ku Likoma ayenera kuyang'ana kaye tsiku lomwe Ilala kapena boti lina likuwoloka kupita ku Nkhata Bay. Ndalama za mpikisano zikachedwa kutuluka, oyamba kugwa m'njira ndi ana akutali amenewa, ndipo pamapeto pake "dziko lonse" limatanthauza sukulu zomwe zili pafupi ndi tala.

Palinso nkhani ya pothamangira. Wothamanga wa muno amakonzekera pa dothi ndi udzu, nthawi ya mvula ya Mzuzu yosatha ija n'kumaterereka m'matope, kenako akafika pa Bingu National Stadium, yomwe inatsegulidwa mu 2017, amaponda koyamba njira ya labala tsiku la mpikisano lomwelo. Mzuzu Stadium yakhala ikuletsedwa ndi FAM kangapo chifukwa cha momwe ilili. Mzuzu Youth Centre, yomwe inkayenera kukhala nyumba ya masewera ambiri a achinyamata a chigawo chino, inalonjezedwa kalekale moti ana omwe anamva lonjezolo ali ku pulayimale ena ali ndi ana awo tsopano. Maboma asinthana, aliyense n'kudzaima pamalopo ndi chipewa cha omanga.

Ndipo tisaiwale matenda athu akale, obera zaka. Tonse tinaonapo "mwana wa Fomu 2" wometa ndevu m'mawa wa gemu. Mphunzitsi amene amachita zimenezi amapeza chikho, koma amakankhira kunja mwana weniweni wa zaka 14 yemwe mpikisanowo unapangidwira. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, komanso pomwe ziphaso za kubadwa zikufalikira, bodzali likuvutirapo kunena, bola oyendetsa mpikisano azifunsa mapepalawo pa zoni pomwe, osati kudikira ndime yomaliza.

Ine ndikamatsatira Malawi Youth Games sindiyang'ana kwambiri kuti chigawo chiti chatenga zikho zingati, ngakhale kumpoto kukapambana ndimakuwa nawo, musandione choncho. Ndimayang'ana ngati yachitika chaka chino, ngati idzachitikenso chaka chamawa nyengo yomweyo, ndiponso ngati idzapirire kusintha kwa boma osasinthidwa dzina. Ndimayang'ana ngati nthawi yomwe mtsikana wa ku Katoto kapena Luwinga wathamanga mamita 400 yalembedwa penapake pomwe mng'ono wake angadzaipeze n'kufuna kuiphwanya. Ndimayang'ananso chomwe chimachitika Lolemba lotsatira ndime yomaliza, ana atakwera basi kubwerera kwawo: kodi amene wapambana uja dzina lake lapita kwa mphunzitsi wa liwiro, kapena wangopatsidwa mendulo ndi botolo la madzi?

Masewera a Region 5 otsatira a ku Lilongwe anachitikira ku Namibia mu Julayi 2025, ndipo ena akubwera. Ana omwe adzatiimirire kumeneko pakali pano ali Sitandade 6 kapena 7, ena ku Masasa, ena ku Usisya, ena ku Nthalire, akuthamangitsana popita kukatunga madzi.